Malikisi akaima malo amodzi, kuchezera usiku wonse si mankhwala ake

Chaka ndi chaka, mvula ikakhazikika ndipo anthu ali kalikiliki kupalira m'minda ya chimanga ndi fodya, pamakhala anyamata ndi atsikana ena a m'boma la Chifunde amene amatsika msewu wochokera ku Cassacatiza kulowera kumzinda wa Tete. Amenewa amakhala kuti amaliza kalasi 12 ndipo akupita kukalemba mayeso olowera ku yunivesite kuti akaphunzire udokotala.

Ulendowu ndi wodula. Kuchokera kumalire a Cassacatiza kukafika ku Tete ndi mtunda wa makilomita oposa 250, ndipo pofika tsiku lonyamuka banja limakhala litagulitsa matumba a chimanga, mbuzi kapena nkhuku kuti lipeze ndalama yolembetsera mayeso, yoyendera ndi yodyera kumeneko. Mwana akalephera, ndalama yonseyo yalowa m'madzi ndipo ayenera kudikira chaka china.

Pokonzekera, ophunzira ambiri amadziyesa okha ndi mapepala a mayeso a zaka zapita, amene amapezeka ngati mafotokope kapena kutumizirana pa foni. Masabata oyamba zinthu zimayenda bwino. Amene ankapeza 6 pa 20 amafika pa 8, kenaka pa 10. Akafika pamenepo malikisi amaima. Mwana amawonjezera maola, amachezera pa nyali mpaka tambala woyamba, koma pepala lililonse limene walemba limamubwezera 10 kapena 11 yemweyo. Ambiri amataya mtima panthawi imeneyi, ena nkumati mitu yawo ndi youma, enanso nkuyamba kuganiza kuti alipo amene wawamanga.

Kuima kwa malikisi kotereku kuli ndi zifukwa zake zodziwika, ndipo njira yotulukira ilipo. Njirayo yagona pa kusintha kawerengedwe, pakuti kuwonjezera maola pa kawerengedwe kakale komweko kumangotopetsa thupi.

Mayeso ake ndi otani

Kwa zaka zambiri dziko lino la Mozambique lidali ndi sukulu imodzi yokha yophunzitsa madokotala, ya ku Maputo, yomwe idayamba kuphunzitsa udokotala m'chaka cha 1963 ndipo ili pansi pa yunivesite imene kuyambira 1976 imatchedwa Eduardo Mondlane. Pambuyo pake mudabwera yunivesite ya Katolika ku Beira, UniLúrio ku Nampula, komanso UniZambeze yomwe idayamba ntchito m'chaka cha 2009. Likulu la UniZambeze lili ku Beira, koma nthambi yake ya zaumoyo idaikidwa mumzinda wa Tete, komwe amaphunzitsa udokotala, za mano ndi za mankhwala. Kotero mwana wa ku Mualadzi kapena ku Nsadzo angathe kuphunzira udokotala osatuluka m'chigawo chake. Maphunzirowa amatenga zaka zisanu ndi chimodzi.

Wofuna malo ku yunivesite ya boma amalemba mayeso olowera, omwe pa Chipwitikizi amati exames de admissão, ndipo kawirikawiri amachitika kumayambiriro kwa chaka. Kwa ofuna udokotala, nkhondo yaikulu ili pa maphunziro awiri, Biologia ndi Química. Mafunso ake ndi osankha yankho limodzi pakati pa mayankho angapo, ndipo malikisi amawerengedwa kuyambira 0 mpaka 20. Masiku, malipiro ndi malamulo a chaka chilichonse amalembedwa m'chikalata chotchedwa edital, chomwe aliyense wolembetsa ayenera kuchiwerenga yekha osadalira zongomva.

Chimene makolo ambiri sachidziwa ndi chakuti mayesowa ndi osiyana ndi a kusukulu. Kusukulu mwana akapeza 10 wakhoza. Kuno malo ndi owerengeka pamene olembetsa ndi ochuluka, ndiye amatengedwa ndi amene aposa anzawo kufikira malo atadzaza. Mwana amene waima pa 10 akupikisana ndi ana a m'mizinda amene ali ndi magetsi, mabuku ndi aphunzitsi apadera. Nchifukwa chake malikisi awiri kapena atatu owonjezera amasiyanitsa wolowa ndi wobwerera kumudzi.

Kuima si kutha kwa nzeru

Nkhani ya kuima kwa wophunzira si ya lero. M'zaka za 1897 ndi 1899 akatswiri awiri a ku America, William Bryan ndi Noble Harter, adalemba zimene adaona pa anthu ophunzira kulandira mauthenga a pa waya, aja ankabwera ngati kugogoda. Adapeza kuti ophunzirawo ankapita patsogolo msanga poyamba, kenaka ankaima kwa nthawi yaitali ngati kuti afika pamapeto. Amene adapirira adayambanso kukwera pamene adasiya kumvera chilembo chimodzichimodzi nayamba kumva mawu athunthu ndi ziganizo.

Zimachitikanso chimodzimodzi pa mayeso. Malikisi oyamba amabwera mosavuta chifukwa amachokera ku mafunso ongofuna kukumbukira, monga dzina la chiwalo kapena chizindikiro cha chitsulo. Malikisi amenewa akatha, otsala amakhala obisala m'mafunso ofuna kuganiza, kuwerengera ndi kumvetsa bwino chilankhulo. Mwana akapitiriza kubwereza mitu imene amaidziwa kale amamva kukoma ndipo amaona ngati akugwira ntchito, chonsecho akupalira mzere umene adapalira dzulo pamene udzu uli kumunsi kwa munda.

Kope la zolakwa

Chinthu choyamba kuchita ndi kugula kope limodzi lapadera. Ophunzira ambiri akamaliza pepala loyeserera amangowerenga malikisi, nkuusa moyo, nkutenga pepala lina. Kutero kuli ngati kuyeza wodwala kutentha kwa thupi tsiku ndi tsiku osamupatsa mankhwala. Pepala limene latenga maola awiri kulemba liyenera kutenga maola ena awiri kapena kuposera apo kuliunika.

M'kope muja mwana alembe funso lililonse limene walakwa, komanso lililonse limene wakhoza mwamwayi pongolota. Pambali pake alembe chifukwa chenicheni chimene walakwira. Zifukwa zake nthawi zambiri zimagwera m'magulu anayi: sadamve Chipwitikizi cha funsolo, mutuwo saudziwa, njira amaidziwa koma wasokoneza masamu, kapena nthawi idamuthera ndipo adayankha mothamanga.

Mwachitsanzo, pa pepala la mafunso 40 funso lililonse limakhala theka la malikisi amodzi. Mwana amene wapeza 10 ndiye kuti walakwa mafunso 20. Akawaunika angapeze kuti 6 adalakwa chifukwa cha chilankhulo, 7 chifukwa chosadziwa mutu, 5 chifukwa cha masamu ndipo 2 chifukwa cha nthawi. Pamenepo vuto lija lomwe limaoneka ngati phiri lagawika. Kungokonza mafunso 6 a chilankhulo aja kukumuchotsa pa 10 kumufikitsa pa 13, asadaphunzire mutu watsopano ndi umodzi womwe.

Akachita izi pa mapepala atatu kapena anayi, kope limayamba kulankhula lokha. Mitu yomweyomweyo imabwerabwera, ndipo imeneyo ndiyo iyenera kutenga nthawi yambiri ya sabata lotsatira.

Chipwitikizi chimadya malikisi mwakachetechete

Mwana wa m'mudzi wa kumalire amakula akulankhula Chichewa pakhomo, kumunda ndi kumsika. Pa wailesi amamva za ku Zambia ndi ku Malawi. Makolo ambiri a lero adakhalapo m'maiko amenewa pothawa nkhondo yomwe idatha m'chaka cha 1992, ndipo ena adaphunzira komweko m'Chingerezi. Chipwitikizi mwana amakumana nacho m'kalasi mokha, pamene mnzake wa ku Maputo kapena ku Beira amagona nacho ndi kudzuka nacho. Mayeso saganizira zimenezi, onse amapatsidwa pepala limodzi.

Olemba mayeso amakonda mawu ang'onoang'ono amene amatembenuza funso lonse. Mawu akuti excepto amatanthauza kupatula. Funso likati incorrecta kapena falsa likufuna yankho labodza pakati pa oona. Apenas ndi kunena kuti chokhacho basi, pamene respectivamente akutanthauza kuti mayankho atsatane monga momwe zinthu zatchulidwira m'funso. Mwana wothamanga amaona yankho loyamba loona nkulisankha, chonsecho funso limafuna labodza. Biologia amaidziwa, koma malikisi apita.

Mankhwala ake ndi osavuta. Asadayang'ane mayankho, mwana adule mzere pansi pa mawu oterewa, ndipo adzifunse m'Chichewa kuti, kodi funsoli likufuna chiyani kwenikweni? Akalephera kulinena m'chilankhulo chake ndiye kuti sadalimve. Kumapeto kwa kope lija asunge masamba olembapo mawu onse achilendo ndi matanthauzo ake. Kuwerenga nyuzi ya Chipwitikizi mokweza kwa mphindi 20 tsiku lililonse kumathandizanso kuti maso azolowere ziganizo zitalizitali.

Tsekani buku

Kawerengedwe kamene ana ambiri adazolowera ndi kobwereza notsi kangapo, kudula mizere ndi kuloweza. M'chaka cha 2006 akatswiri ena awiri a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, adayesa kawerengedwe kameneka. Gulu lina la ophunzira lidawerenga nkhani mobwerezabwereza. Gulu lina lidapatsidwa mpata umodzi wowerenga, kenaka lidalandidwa pepala ndi kuuzidwa kuti lilembe zonse zimene likukumbukira, katatu konse. Atawayesa patangopita mphindi zisanu, obwereza kuwerenga aja ndiwo adapambana. Koma patatha sabata limodzi zinthu zidatembenuka: obwereza kuwerenga adakumbukira magawo 40 pa 100 alionse, pamene odziyesa aja adakumbukira magawo 61.

Apa ndi pamene ana ambiri amanyengeka. Tsamba likakhala lotsegula pamaso chilichonse chimaoneka chodziwika, koma m'chipinda cha mayeso mulibe tsamba. Kotero akawerenga za kayendedwe ka magazi, mwana atseke buku, atenge pepala loyera, ajambule mtima ndi zipinda zake zinayi ndi kuonetsa kumene magazi amalowera ndi kutulukira. Akatero atsegule buku aone zimene wasiya. Kawerengedwe kameneka ndi kowawa chifukwa kamaonetsa munthu umbuli wake, koma ndiko kamene kamasiya zinthu m'mutu.

Chachiwiri ndi kutalikitsa masiku obwereza. Katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, adaonetsa m'chaka cha 1885 kuti munthu amaiwala kwambiri m'maola ndi m'masiku oyambirira atangophunzira chinthu, ndipo akachibwereza patapita nthawi chimakhazikika. Mutu umene waphunziridwa Lolemba ubwerezedwe Lachiwiri, kenaka Lachisanu, kenaka patatha masabata awiri. Ola limodzi tsiku lililonse kwa masiku asanu limapindula kuposa maola asanu a usiku umodzi. Tulo natonso ndi mbali ya maphunziro, pakuti ubongo umasunga bwino zimene waphunzira munthu akagona mokwanira.

Química imafuna pensulo m'manja

Ana ambiri amaikonda Biologia ndipo amaiopa Química, ndiye nthawi yawo yambiri imathera kumene kuli kokoma. Koma mapepala onse awiri amawerengedwa, ndipo nkosavuta kuchoka pa 7 kufika pa 11 m'phunziro lofooka kusiyana ndi kuchoka pa 14 kufika pa 18 m'phunziro lamphamvu.

Química sailoweza ngati nyimbo. Funso likati mu magalamu 36 a madzi muli ma mol angati, mwana ayenera kudziwa kuti mol imodzi ya madzi imalemera magalamu 18, chifukwa hidrogénio awiri amapereka 2 ndipo oxigénio amapereka 16, kotero yankho ndi 2. Kuona mphunzitsi akuwerengera pa bolodi ndi kwina, kuwerengera wekha ndi kwinanso. Tsiku lililonse pakhale mafunso asanu kapena khumi owerengera ndi dzanja, osadalira foni, kufikira kugawa ndi kuchulukitsa manambala okhala ndi koma kutasiya kuopsa.

Mu Biologia namonso muli masamu, makamaka pa nkhani ya zotengera kumtundu. Bambo ndi mayi onse akakhala kuti adatengera mbewu ya matenda a magazi aja otchedwa anemia falciforme koma iwo eni sadwala, mwana aliyense wobadwa ali ndi mwayi umodzi pa inayi wodwala. Woloweza amasunga nambala imeneyi, koma funso likasintha pang'ono, nkunena kuti kholo limodzi lilibiretu mbewuyo, amasokonezeka. Amene adazolowera kujambula kabokosi ka zigawo zinayi amapeza yekha kuti palibe mwana angadwale, ngakhale theka la iwo angathe kutengera mbewuyo.

Zambiri za m'mabuku zili pakhomo pomwe. Malungo amene amagoneka anthu m'nyengo ya mvula amayamba ndi kachilombo ka Plasmodium, kamene kamafalitsidwa ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, ndipo kamayamba kaswana m'chiwindi kasadalowe m'magazi. Fetereza wa ureia amene amathira m'chimanga ali ndi nitrogénio magawo 46 pa 100 alionse. Mwana akamanga phunziro pa chinthu chimene amachiona, sachedwa kulikumbukira.

Kuyeserera ngati tsiku lenilenilo

Pepala loyeserera lilembedwe kamodzi pa sabata, osati tsiku ndi tsiku, chifukwa mapepala akale ndi ochepa ndipo lolembedwa kale silinenanso zoona. Mwana amene wapeza 17 pa pepala limene akulilemba kachitatu wangokumbukira mayankho. Polemba akhale pa mpando, buku lili kutali, foni ili m'manja mwa munthu wina amene akusunga nthawi yofanana ndi yolembedwa pamwamba pa pepala.

Ayambe ndi mafunso amene akuwadziwa, ovuta awaike chizindikiro nkubwererako pambuyo. Funso limodzi louma lingadye nthawi ya mafunso asanu ofewa. Pamene sakudziwa yankho, ayambe wachotsa mayankho amene akuonekeratu kuti ndi olakwika. Pa mayankho asanu, wongolota ali ndi mwayi umodzi pa isanu, koma wochotsa atatu watsala ndi mwayi umodzi pa iwiri.

Mutu umodzi susenza denga. Ana atatu kapena anayi a m'dera limodzi angamakumane kawiri pa sabata, aliyense atatenga mutu woti aphunzitse anzake buku lili chitsekere. Zimene zakanika onse azilembe ndi kupita nazo kwa mphunzitsi wa sekondale, kapena kwa anamwino ndi a técnico a pa chipatala chapafupi pa nthawi imene alibe odwala. Funso lolunjika, lolembedwa bwino, limapeza woyankha msanga kusiyana ndi kungodandaula kuti Química ndi yovuta.

Mbali ya makolo

Miyezi yomaliza yokonzekera imagwera pa nthawi yobzala ndi kupalira, pamene dzanja lililonse limafunika kumunda. Banja limene lagulitsa mbuzi kuti mwana alembetse, koma nkumamugwiritsa khasu kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka, likudzibera lokha. Maola atatu a m'mawa, mutu usadatope, amaposa maola asanu ndi limodzi a usiku pa nyali yofooka. Amalume ndi azakhali angathandize pogawana mizere ya mwanayo kwa miyezi iwiri yokha.

Atsikana ndiwo amavutika koposa. Akachoka kumunda amawadikira madzi, nkhuni, mphika ndi ana aang'ono, pamene alongo awo akhala pansi pa mtengo ndi buku. Makolo amene akufuna dokotala pakhomo awo agawe ntchito mofanana.

Kafunsidwe nakonso kasinthe. M'malo mofunsa kuti wapeza zingati, bambo kapena mayi afunse kuti, mwanawe, walakwa pati, nanga wapeza chifukwa chake? Ngakhale kholo limene silidapite kusukulu lingakhale pansi ndi kumvetsera mwana akufotokoza m'Chichewa mmene chakudya chimagayidwira m'mimba. Pamene mwana wakakamira, pamenepo ndi pamene ayenera kubwerera ku buku.

Nkhaniyi ndi ya mudzi wonse

Pamene dziko lino linkalandira ufulu m'chaka cha 1975, madokotala ambiri achipwitikizi adachoka ndipo otsala sadakwane 100 m'dziko lonse. Pofuna kutseka mpata umenewu, m'chaka cha 1984 boma lidayamba kuphunzitsa a técnico de cirurgia, anthu amene si madokotala koma amachita maopaleshoni. Kafukufuku amene adasindikizidwa m'chaka cha 2007 adapeza kuti m'zipatala za m'maboma, maopaleshoni akuluakulu a amayi oyembekezera oposa 90 pa 100 alionse ankachitidwa ndi a técnico amenewa. Adapezanso kuti patatha zaka zisanu ndi ziwiri ambiri mwa a técnico adali akadali m'maboma momwemo, pamene madokotala amene adatumizidwa kumeneko adali atachoka onse.

Izi zikuonetsa zinthu ziwiri. Choyamba, maboma akutali ngati Chifunde, lomwe pa kalembera wa 2007 lidali kale ndi anthu oposa 100,000, akusowa ana akwawo amene angaphunzire ndi kulolera kubwerera, odziwa njira za kumidzi ndi omva wodwala akamati m'mimba mukupota popanda womasulira. Chachiwiri, khomo la ntchito zaumoyo si limodzi. Mumzinda wa Tete mulinso Instituto de Ciências de Saúde, komwe amaphunzitsa anamwino ndi a técnico, ndipo Biologia ndi Química yomweyo imene mwana akukonzekera idzamuthandiza kumeneko. Samora Machel yemwe adayamba ngati namwino pa chipatala cha Miguel Bombarda ku Lourenço Marques asadakhale mtsogoleri wa dziko. Ndi nzeru kuti banja lifunsiretu masiku olembetsera kumalo onse awiri.

Kwa mwana amene malikisi ake aima, ntchito ya sabata lino ndi yodziwika. Asatenge pepala latsopano. Abwerere ku mapepala atatu omaliza amene adalemba, alembe zolakwa zonse m'kope, azigawe m'magulu anayi aja, ndipo gulu limene lakula kuposa ena ndilo ayambe nalo Lolemba m'mawa. Akatero kwa masabata atatu, ndi pamene angadziyesenso ndi pepala limene sadalionepo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.